Zomwe Chiswe Chinasiya M'bokosi la Agogo

Bokosi lachitsulo limene agogo anabwera nalo kuchokera ku Joni linakhala kunsi kwa bedi zaka zoposa 40. Mwana sankaligwira. Kiyi wake agogo aakazi ankamumanga pa mfundo ya chitenje pamodzi ndi ndalama ya chopereka cha Lamulungu, ndipo iwo atatisiya, kiyiyo sanaonekenso. Tsiku lotsegula, amalume anachita kuthyola loko ndi nyundo.

Chinatikumbutsa za bokosilo ndi mphekesera ija imene imayenda m'midzi pafupifupi chaka chilichonse, yoti amene anagwirako ntchito m'migodi ya ku South Africa, kapena ana awo, akalembetse mayina chifukwa kwabwera ndalama. "Mphwanga, iwe ndiwe wodziwa Chingerezi," anatero amalume pa foni. "Tabwera udzatiwerengere mapepala a bambo. Akuti popanda nambala ya ku mgodi palibe chathu."

Linayamba kutilonjera ndi fungo, lija la nyumba yotsekedwa dzinja lonse. Pamwamba panali jekete lolemera ndi chipewa. Pansi pake mitolo iwiri ya mapepala. Mtolo woyamba unamangidwa ndi kamphira kamene kanasungunuka kalekale n'kusiya mzere wakuda womata pa envulopu. Pamene panali mapini, dzimbiri linadya pepala n'kusiya timabowo tiwiritiwiri tozingidwa ndi banga lofiirira. Komabe zilembo zinkawerengeka. Mtolo wachiwiri ndi umene unatigwetsa nkhope. Chinyezi cha pansi chinali chitaboola bokosi pangodya, kabowo kongolowa chala chaching'ono, ndipo chiswe chinadzera pomwepo. Chinamanga tinjira take tadothi n'kudya makalata kuyambira pakati, kusiya m'mphepete mokha. Ndinanyamula kalata imodzi imene agogo analembera akazi awo. Kumwamba kunatsala moni, kumunsi dzina lawo. Zonse zimene anafuna kunena zinapita ndi chiswe.

Ndinachita zimene munthu aliyense wa m'tauni akanachita. Mapepala otsalawo ndinawajambula ndi foni. Kenako ndinatenga kontilakiti ya ntchito, ija ya nambala, kupita nayo pa kashopu kena ka fotokope kuti akaimate m'pulasitiki, kumene timati kulamineta. Mnyamata wa pashopupo anailowetsa m'makina otentha ili yopindika pangodya. Inatuluka ikunyezimira bwinobwino, manambala awiri omaliza atatsekeredwa m'kati mwa popindikapo. Kumatula sikukanatheka popanda kusenda zilembo. Ndinadzitonthoza kuti chithunzi chili m'foni. Patangotha miyezi itatu, foniyo inapita ndi wina m'minibasi.

Pepala limodzi ndinalilakwira kawiri chaka chimodzi, ndipo ulendo uliwonse ndinkadziona ngati mpulumutsi wake. Manyazi a zimenezi ndi amene anandichititsa kufunsa ndi kuwerenga za ntchito imene ambiri sitidziwa n'komwe kuti anthu amapitira kusukulu: yosamala zolembedwa, zojambulidwa ndi zamawu kuti zifike kwa adzukulu zikuwerengeka.

Nkhawa ya amalume sinali yopanda pake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, ambiri olembedwa ndi Wenela. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda anaimitsa ntchito yolemba anthu. Amuna anabwerera ndi mabokosi ngati la agogo, ena ndi fumbi la miyala m'mapapo. Patapita zaka zoposa 40, makampani a migodi ya golide anavomera kupereka R5 biliyoni, kudzera ku bungwe la Tshiamiso Trust, kwa amene anadwala matenda a m'mapapo chifukwa cha fumbilo komanso kwa mabanja a omwalira. Wokadandaula amafunika umboni wa mgodi umene anagwirako ndi zaka zake. Thukuta la zaka khumi limapachikika pa kanambala ka pa pepala.

Bokosi la dziko

Dziko nalo lili ndi bokosi lake la kunsi kwa bedi, ndipo lili ku Zomba. Nalonso linadyeka pakati. Mu Febuluwale 1919 moto unatentha maofesi akuluakulu a boma la atsamunda m'tauniyo n'kupsereza mafayilo ambiri a kuyambira 1891, chaka chimene Angerezi analengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo. Taganizani zimene zinachitika m'zaka 28 zimenezo. Nkhondo za Harry Johnston ndi mafumu a Chiyao komanso Mlozi ku Karonga. Kupita kwa minda ya ku Thyolo ndi Mulanje m'manja mwa azungu. Chiyambi cha msonkho wa nyumba ndi thangata. Kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915, kumene pa nthawi ya motowo kunali kutangotha zaka zinayi.

Wofuna kudziwa za nyengo imeneyi amadalira kwambiri makalata amene abwanamkubwa ankatumiza ku London, omwe lero ali ku Kew, ndi mapepala a amishoni osungidwa ku Edinburgh. Ndi bwino kuti makope amenewo alipo. Koma tisaiwale kuti chimene chinawoloka nyanja ndi chimene mzungu wa ku Zomba anasankha kuuza mabwana ake. Dandaulo la mfumu limene kalaliki analemba n'kuliika m'fayilo, osalitumiza kulikonse, linapsa pamodzi ndi kabati yake.

Malo osungirako zolembedwa za boma anatsegulidwa ku Zomba mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives, imene likulu lake linali ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Nthawi ya chitaganya mafayilo akale anasamutsidwira ku Salisbury komweko, ndipo anabwerera pamene chitaganyacho chinkatha, kumapeto kwa 1963. Panalinso ena amene anayenda njira yamseri. Mu 2011, pa mlandu wa nkhalamba za ku Kenya zimene zinazunzidwa nthawi ya Mau Mau, boma la Britain linavomera kuti linkasunga mwachinsinsi mafayilo zikwizikwi ochokera m'mayiko amene linkalamulira, pamalo otchedwa Hanslope Park. A Nyasaland analimo. M'mayiko ambiri, mafayilo ena anachita kutenthedwa dala ufulu usanafike. Si moto wonse umene umabuka mwangozi.

Lero National Archives imalandira mafayilo a boma amene ntchito yake yatha koma ndi oyenera kusungidwa mpaka kale, ndipo lamulo limati wosindikiza buku kapena nyuzipepala m'dziko muno akasiyeko kope. Opita kukawerenga si a ku yunivesite okha. Mabuku amene ma DC akale ankalembamo za maboma awo muli mizere ya maufumu, malire a midzi ndi milandu ya malo, ndiye ufumu ukavuta kumudzi, ena amakwera basi ya ku Zomba. Vuto lake n'lakuti Zomba ili m'tsinde mwa phiri, kwa mvula ndi nkhungu. Nyengo imene imabiriwitsa mitengo ya kumeneko ndi yomwe pepala limadana nayo.

Wophunzira ntchito yosamala zolembedwa amayamba ndi funso looneka lachibwana: kodi pepala n'chiyani? Mapepala akale a ku Ulaya ankapangidwa ndi nsanza za thonje ndi bafuta, ndipo ambiri akadali olimba patatha zaka 500. Chapakati pa zaka za m'ma 1800 mafakitale anayamba kupera mitengo poti nsanza zinachepa. Pepala la mtengo n'lotchipa, koma limabadwa ndi matenda. Muli asidi, wina wochokera mu mtengo momwemo, wina wa m'mankhwala amene ankathira kuti inki isamwazike. Asidiyo amadula tiulusi ta pepala pang'onopang'ono, pepala n'kuchita chikasu, kenako n'kumathetheka ngati fodya wouma. Siyani nyuzipepala padzuwa masiku atatu muone. Tsoka lathu n'lakuti pafupifupi zonse zimene zinalembedwa kuno, kuyambira kubwera kwa amishoni, zinagwera m'nyengo ya pepala lodwalali.

Inki nayo ili ndi makhalidwe ake. Ija yakale yokhala ndi chitsulo imaluma pepala mpaka zilembo kusanduka mabowo. Ya pa chidindo imathawa ikangomva madzi. Pensulo, imene timainyoza kuti ndi ya ana a sitandade wani, imapirira zaka mazanamazana. Ndiye pali malisiti a masiku ano a m'sitolo ndi a pa ATM, amene alibe inki ngakhale pang'ono. Zilembo zimatuluka ndi kutentha, ndipo kutentha komweko n'kumene kumazifafaniza. Amene anasungapo lisiti la fizi m'chikwama n'kulipeza lili mbee tsiku lofunika akudziwa zimene ndikunena.

Akatswiri amafuna chipinda chozizira, cha madigiri 18 mpaka 20, chimene mpweya wake suli wonyowa. Chinyezi cha mu mpweya chikapitirira 65 pa 100, chuku chimamera, njenjete ndi mphemvu n'kubwera kudzadya ulimbo wa m'misana ya mabuku. Choipitsitsa ndi kusinthasintha. Makina oziziritsa mpweya amene amayaka masana n'kuzima magetsi akathima amachititsa pepala kumwa chinyezi n'kulavula, kumwa n'kulavula, mpaka kutopa. N'chifukwa chake m'mayiko otentha, a magetsi osadalirika, ambiri amalangiza nyumba ya makoma ochindikala, yopita mphepo, mashelefu otalikirana ndi khoma ndi pansi, fayilo iliyonse m'katoni yake yopanda asidi. Womanga nkhokwe zimenezi sizingamudabwitse. Nkhokwe siikhala pansi, denga lake limatulukira kunja, ndipo mwini wake amaizungulira kawirikawiri kuyang'ana tinjira ta chiswe ndi ufa wa anankafumbwe. Bokosi la agogo tikanangoliika pa njerwa zinayi, makalata aja bwenzi tikuwerenga.

Phala ndi chigamba

Kukonza pepala long'ambika kumafuna mtima wa munthu wosankha mpunga. Katswiri amayamba wasamba m'manja n'kuumitsa. Magolovesi oyera amene timaona pa kanema ambiri anawasiya, poti amagonthetsa zala, munthu n'kung'amba tsamba osamva; amawavala makamaka pogwira zithunzi. Mapini amawatukula ndi kachitsulo kopyapyala. Fumbi amalisesa ndi kaburashi kofewa kuyambira pakati kupita m'mphepete. Asananyowetse chilichonse, amadontheza kadontho ka madzi pa chilembo chimodzi chapambali kuti aone ngati inki ithawe.

Akatero amaphika phala. Phala lenileni: sitachi wa tirigu ndi madzi, kutakasa pa moto wochepa osalekeza mpaka litalimba n'kumaonekera, kenako kuliziziritsa, kulisefa ndi kulisungunula kuti lipyapyale. Chigamba chake ndi pepala lopepuka kwambiri la ku Japan, lopangidwa ndi khungwa la mtengo wa mtundu wa mabulosi, la ulusi wautali. Salidula ndi sizasi. Amalemba mzere ndi kaburashi konyowa n'kuling'amba potsata mzerewo, kuti m'mphepete mutsale tiubweya togwira bwino. Milomo ya chong'ambikacho amaikumanitsa mosamala kuti chilembo chilichonse chipeze theka lake. Amapaka phala pa chigamba, n'kuchiyala kumbuyo kwa tsamba, kusalaza, ndi kutsindika ndi cholemera pakati pa mapepala omwa madzi mpaka paume. Tsamba limodzi lowonongeka kwambiri likhoza kumudyera theka la tsiku. Fayilo imakhala ndi masamba 200, ndipo mafayilo ali m'mashelefu osaoneka polekezera.

Bwanji phala, pamene m'sitolo muli guluu wamphamvu? Chifukwa lamulo lalikulu la ntchitoyi n'lakuti usachite chinthu chimene wobwera pambuyo pako sangathe kumasula. Phala limamasuka ndi chinyezi pang'ono ngakhale patapita zaka zambirimbiri. Selotepi imauma n'kugwa, koma ulimbo wake umalowa m'pepala n'kusiya banga losachoka. Kulamineta ndiye kumawotcha pepala n'kulitsekera m'ndende pamodzi ndi asidi wake. Nditamva zimenezi ndinazizidwa. Chinanditonthozako n'chakuti akatswiri enieniwo anagwa m'mbuna yomweyo: kuyambira m'ma 1930 mpaka m'ma 1970, malo ambiri osungirako zakale ku America ndi kwina ankamata zikalata zawo zamtengo wapatali m'pulasitiki, ndipo adzukulu awo pa ntchito akuvutika kuzimatula mpaka lero.

Zambiri zimene zimaphunzitsidwa masiku ano zinabadwira m'matope. Pa 4 Novembala 1966 mtsinje wa Arno unasefukira mumzinda wa Florence, ku Italy, n'kumiza mabuku ndi zikalata zoposa miliyoni m'laibulale yaikulu ya mzindawo. Akatswiri ochokera m'mayiko osiyanasiyana anakumana kumeneko n'kuphunzira limodzi zochita ndi pepala lonyowa. Lero wophunzira aliyense amadziwa kuti chuku chimayamba pakatha masiku awiri, kuti masamba omatirirana sakokedwa, kuti buku lonyowa siliyanikidwa padzuwa, ndipo kuti ngati zonyowa zachuluka, njira yogulira nthawi ndi kuziumitsa m'firiji ngati nyama. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, madzi ndi matope zinalowa m'nyumba, m'masukulu ndi m'zipatala za kummwera. Poyamba tinalira anthu, ndipo ndi mmene zinayenera kukhalira. Masatifiketi, makaundula ndi makadi a kusikelo anadzakumbukika pambuyo, atauma kale ngati njerwa.

Moto ulibe masiku awiri oterowo. Usiku wa pa 18 Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa ndi mabuku pafupifupi 45,000, kuphatikizapo gawo la zolembedwa za Malawi. Mabuku a sayansi abwenzi akunja anatumiza ena. Kabuku kosindikizidwa ku mishoni makope ochepa, kapena kafukufuku wa wophunzira wotayipidwa kamodzi kokha, palibe wotumiza. Mu Epulo 2021 moto wolusa wochokera m'phiri unagwira laibulale ya Jagger pa University of Cape Town, imene inkasunga chuma chambiri cha mbiri ya Africa, mafilimu omwe. Chaona mnzako chapita. Ngati zinachitika pa yunivesite ya ndalama ngati imeneyo, ifeyo tili pati?

"Bwanji osangoziika pa kompyuta?"

Funsoli limabwera pa msonkhano uliwonse, ndipo lili ndi nzeru yake. Kujambula kwapulumutsa zambiri. Pulogalamu ya Endangered Archives ya British Library, imene inayamba mu 2004, inathandiza kujambula zolembedwa za maofesi a mafumu a nthawi ya atsamunda kuno ku Malawi, zimene zinkawonongeka m'maboma. Munthu wa ku Chitipa akhoza kuwerenga tsamba popanda kuligwira, tsambalo n'kupuma. Nthawi zina makina amaona zimene maso alephera. Mu 1871 David Livingstone, ali ku Nyangwe m'dziko la Congo, anasowa mapepala ndi inki, n'kulemba zochitika za tsiku ndi tsiku pa nyuzipepala yakale ndi madzi a njere za zipatso. Zilembozo zinazimirira pafupifupi zonse. Mu 2011 akatswiri anatulutsa mawu ake atajambula masambawo ndi kuwala kwa mitundu yosiyanasiyana.

Pa zamawu ndi mafilimu ndiye palibenso njira ina. Matepi amamwa chinyezi n'kuyamba kumata. Ukawaseweretsa choncho, utoto wofiirira umene umasunga mawu umatsalira pa mutu wa makina, nyimbo n'kupita. Amisiri amawaika m'uvuni wapadera wa madigiri 50 kapena kuposerapo pang'ono kwa maola ambiri, kuti alimbe masiku ochepa okwanira kuwakopera. Filimu yakale ikayamba kununkha viniga, ndiye kuti yayamba kuwola, ndipo imapatsira zinzake za m'kabati. Kuwonjezera apo, makina ambiri oseweretsa zinthuzi mafakitale anasiya kupanga. Mawu a mlandu wa Rivonia wa 1963 mpaka 1964, pamene Nelson Mandela analankhula ali m'bokosi la woimbidwa mlandu, anajambulidwa pa timalamba ta pulasitiki 591 totchedwa Dictabelt. Timalambato tinasungidwa, koma chotiseweretsa bwino chinasowa, mpaka tinachita kupita ku France kukakopedwa. Kuno kwathu MBC, kuyambira 1964, inajambula oimba ambirimbiri pa matepi ozungulira aja, ambiri a iwo osatulutsapo chimbale, ndipo dziko la Norway linathandizapo pa ntchito yokopera matepiwo. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 zili ku Rhodes University, ku South Africa.

Cholakwika chimabwera pamene tiganiza kuti tikajambula ndiye tamaliza. Mu 1086 mfumu ya ku England inalembetsa kaundula wa minda ndi chuma cha dziko lake pa zikopa, buku lotchedwa Domesday. Pokumbukira zaka 900 za bukuli, mu 1986, BBC inasonkhanitsa zithunzi, mapu ndi nkhani kuchokera kwa anthu oposa miliyoni, ambiri ana asukulu, n'kuziika pa zimbale zamakono za nthawi imeneyo. Patangotha zaka 15, makina owerenga zimbalezo anali atatsala owerengeka, ndipo akatswiri anachita kukhetsa thukuta kuti apulumutse zimene zinalimo. Buku la zikopa lija likuwerengekabe ku Kew.

Pepala limadwala tikuona. Limachita chikasu, limanunkha, limapereka zaka zoti munthu achitepo kanthu, ndipo ngakhale chiswe chimasiya moni ndi dzina. Fayilo ya pa kompyuta imaoneka yabwinobwino Lolemba, Lachiwiri n'kukana kutseguka yonse. Hard disk imatha patapita zaka zochepa. Fulashi sinapangidwire kusunga zinthu nthawi yaitali. Ma CD amene tinkawotcha pa maukwati ambiri anasenda kale. Ngakhale chosungiracho chili bwino, pulogalamu imene inalemba fayiloyo ikhoza kukhala itatha ntchito.

N'chifukwa chake wosunga zapakompyuta sagona. Amasunga makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi kutali ndithu kuti moto kapena madzi asapeze onse pamodzi. Fayilo iliyonse ikamalowa, kompyuta imaiwerengera nambala yaitali yochokera pa zimene zili m'kati mwake, ngati chidindo cha chala. Pakapita nthawi amawerengetsanso. Nambala ikasintha, ndiye kuti penapake pavunda, ndipo amatenga kope labwino kukonzera lowonongekalo. Amasankha mitundu ya mafayilo yosadalira kampani imodzi, monga TIFF pa zithunzi, WAV pa mawu ndi PDF/A pa zikalata, ndipo zaka zingapo zilizonse amasamutsira zonse pa zosungira zatsopano. Koposa zonse amalemba kuti ichi n'chiyani, anachilemba ndani, liti, chinachokera m'fayilo iti. Zithunzi 50,000 zokhala ndi mayina a manambala okhaokha zili ngati chimanga chothiridwa m'dambo.

Ndiye palinso akuba. Mu Okutobala 2023 zigawenga za pa intaneti zinalowa m'makompyuta a British Library n'kufuna dipo. Laibulaleyo inakana, ndipo kwa miyezi yambiri kaundula wake ndi zambiri zimene inaika pa intaneti sizinkapezeka. Mabuku anali m'mashelefu ali gwa, koma njira yowapezera inatsekeka. Kumayambiriro kwa 2024 ifenso tinalawa zofanana, pamene boma linalengeza kuti makina opangira mapasipoti alowedwa, anthu n'kumagona pa mizere.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa akuba ndi chizolowezi chathu. DC wa mu 1930 ankalemba m'buku, bukulo n'kutsala mu ofesi iye akasamutsidwa. Lero zambiri za ntchito zimakambidwa pa gulu la WhatsApp, makalata amayenda pa imelo ya munthu payekha, ndipo malipoti ali pa laputopu imene imachoka ndi mwini wake. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, koma ofesi singapereke chimene sinasunge. N'kutheka kuti mdzukulu wofuna kudziwa mmene tinkayendetsera zinthu m'zaka zino adzapeza mpata wofanana ndi uja wa 1891 mpaka 1919, popanda moto uliwonse woti n'kuuloza chala.

Ntchito yotere imafuna munthu wa mitu ingapo. Adziweko sayansi ya mankhwala kuti amve matenda a pepala, mbiri kuti azindikire chimene wagwira, malamulo kuti adziwe chotsegula ndi chobisa, ndi makompyuta. Adziwenso kutaya, chifukwa pa mafayilo onse amene boma limapanga, oyenera kusungidwa mpaka kale ndi kagawo kochepa, ndipo kusankha kagawoko ndi udindo woopsa kuposa kuphika phala. Mzuzu University imaphunzitsa za malaibulale ndi kasamalidwe ka zolembedwa, University of South Africa ili ndi maphunziro a ntchitoyi ophunzira uli kwanu, ndipo akatswiri a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa amakumana m'bungwe lawo la ESARBICA. Koma luso la m'manja lija silituluka m'buku lokha; limafuna zaka munthu ali pambali pa wodziwa, monga mmene mwana amaphunzirira kuumba mbiya. Ndipo bola tikanasiya kuona chipinda cha mafayilo ngati kotayira munthu amene walakwira bwana. Opereka thandizo amakonda kugula sikana, poti imaoneka bwino pa chithunzi cha tsiku lopereka. Malipiro a munthu woyang'ana mafayilowo zaka 20 zikubwerazi, magetsi ake ndi makatoni ake, zimenezo zimatsalira ife.

Kwa amalume ndinabwererako mwezi wa Ogasiti, nditanyamula maenvulopu aakulu ndi pensulo. Tinachotsa mapini onse, pepala lililonse n'kuliyala palokha, ndipo bokosi latsopano tinalikweza pa njerwa, kutali ndi khoma la kubafa. Madzulo ndinatenga kontilakiti yonyezimira ija n'kuyatsa tochi kumbuyo kwake, pangodya popindika paja. Manambala awiri aja anaonekera, ali chagada, ofooka koma owerengeka. Amalume anavala magalasi n'kuwawerenga mokweza kawiri. Nambala yonse anailemba ndi pensulo pa mapepala atatu: lina analowetsa m'Baibulo, lina anandipatsa, lina anati lipite kwa amayi ku Lilongwe.

Nditayamba kusonkhanitsa zodyeka ndi chiswe zija kuti ndikataye kudzala, anandigwira dzanja.

"Iyayi, mphwanga. Kalata imeneyo isiye."

"Koma amalume, palibe chowerengeka."

"Ndaona. Koma dzanjali ndi la bambo."

Anaikutumula dothi pang'onopang'ono ndi nthenga ya nkhuku, n'kuipatsa envulopu yakeyake.